Bokosi Lopanda Kanthu Pamzere wa Dizilo

Mukafika pa Chinakanaka n'kufunsa kumene amakhala a Cecilia, ena adzangokuyang'anani kukamwa. Koma nenani kuti mayi wa pikapu yoyera, zala zonse zidzaloza kuseri kwa msika, kunyumba ya mtengo wa mapeyala pakhomo. Kuyerako ndi dzina chabe. Chitseko chimodzi n'chabuluu, chakumbuyo amachimanga ndi mphira, ndipo m'mawa galimotoyo imatsokomola ngati nkhalamba yosuta chingambwe. Madalaivala ali ndi dzina lina la mayiyu, amati mayi wa bokosi. Poyamba linali lonyoza, koma pano amene amalitchula amayamba watsitsa mawu.

A Cecilia sanabadwire pachiwongolero ayi. Kwawo ndi ku Likhubula, m'tsinde mwa phiri, ndipo makolo anawasiya ali kamtsikana kosadziwa n'komwe kumanga chitenje. Amene anawalera ndi achimwene awo, a Thomson. Bamboyo anayamba ndi kusenza matabwa a mkungudza kuchokera pamwamba pa phiri, kale macheka asanaletsedwe, kenako n'kukhala potala, wonyamula zikwama za alendo okwera phiri. Anali munthu wa mawu ochepa, woti mukhoza kuswera naye tsiku lonse n'kungomva "eya" ndi "kaya". Chinthu chimodzi chokha ankachinena mobwerezabwereza, pophunzitsa mlongo wawo kupota nkhata. Ankati katundu salemera, imalakwika ndi nkhata. Ukaipinda bwino nsaluyo, khosi silidandaula ngakhale thabwa litalike bwanji.

Atakula, a Cecilia anakalowa ntchito yothyola tiyi pa esiteti ina, dengu kumsana, chiperoni chikuwanyowetsa mpaka m'mafupa. Kumeneko ndiko anakumana ndi a Hopewell, woyendetsa thirakitala yotuta masamba, n'kukwatirana. A Hopewell atasiya ntchito anagula pikapu ija, ndipo Lamulungu masana ankawapatsa akazi awo chiwongolero m'timisewu ta m'minda ya tiyi, mwamasewera chabe. Mwamunayo atamwalira, achibale ake anabwera ndi nzeru zawo: galimoto igulitsidwe, mkazi sangaithe. A Thomson anatsika ku Likhubula, anakhala pakhonde, anamvetsera zonse mpaka anthu malovu anawauma. Ndiye anatenga makiyi pampando n'kuwaika m'dzanja la mlongo wawo.

"Mukagulitsa, anawa adya chiyani mawa?" anafunsa, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Kuyambira pamenepo a Cecilia anakatenga laisensi ku Limbe n'kulowa mumsewu. Zinanazi, nthochi, kabichi, njerwa, mbuzi, akwati, maliro, palibe chimene pikapuyo sinanyamule. Amuna apasiteji anawaseka chaka choyamba, chaka chachiwiri anayamba kuwabwereka jeke.

Kenako kunabwera mavuto a mafutawa. Inu mukuwadziwa, sindikuuzani zachilendo: mizere yotalika mpaka kukhota pakona, madalaivala kugona m'magalimoto masiku angapo, mabanja kusokonekera chifukwa bambo akuti ali pamzere pomwe ali kwina. A Cecilia sakanatha kugona pafilingi, ana ali okha kunyumba. Chimene chinawapulumutsa ndi kapulogalamu kapafoni, kamene madalaivala amangoti apu. Anawaikira ndi mayi wina wogulitsa mayunitsi pamsika. Kagwiridwe kake n'kosavuta. Filingi iliyonse ili ndi kadontho kake. Mafuta akakhalapo kadonthoko kamabiriwira, akatha kamafiira. Amene amasintha mitunduyo ndi madalaivala eniake, aliyense pamene waima, ndipo akhoza kuikapo chithunzi ndi mawu.

Ambiri akapeza mafuta amakhala chete kaye, aitane abale awo, athire, kenako ndiye auze dziko. A Cecilia ayi. Akangoona thankala ya mafuta ikukhota, chala chili kale pafoni. Anzawo ankawadzudzula kuti akuitana khamu, iwo n'kuyankha kuti mawa iwonso adzakhala ali kutali, ndipo adzafuna wina awauze zoona. Ankakakhulupirira kachipangizoko mwina kuposa muyezo, ndipo apa ndi pamene panagona vuto.

Chaka chimenecho a Thomson anadwala chifuwa, cha anthu amene akhala moyo wawo wonse akupuma mphepo yozizira ya kuphiri. Anagonekedwa kuchipatala cha paboma ndipo sanatulukemo. Abale anasonkhana ku Likhubula, ena mpaka ochokera ku Milanje, tsidya la malire. Pogawana ntchito, a Cecilia sanadikire kupemphedwa. Bokosi akhomeretsa kwa kalipentala wa pa Chinakanaka, ndipo thupi akalitenga okha kumochale. Munthu amene anawapatsa makiyi sangapite kwawo pagalimoto yobwereka.

Koma muvi wa geji ya mafuta unali utagona. Dizilo anali atasowa m'boma lonse. Anyamata a mabotolo m'mbali mwa msewu anali ndi petulo yekhayekha wa njinga zamoto. M'mawa wa tsiku loika maliro, bokosi lili kale kumbuyo kwa galimoto, foni inalira. Anali a Danieli, mkulu wa adzukulu okumba manda, akuyankhula pafoni ya a Rosie, mkazi wa malemuwo. Funso lawo linali limodzi: ayambe kukumba, kapena adikire kaye?

Funsoli silinali lamasewera. Kwawoko manda akakumbidwa sagona apululu. Amati dzenje likagona lotsegula limaitana munthu wina wa pabanjapo. Thupi likalephera kufika dzuwa lisanalowe, adzukulu amadula thunthu la nthochi, kuliika m'dzenjemo n'kukwirira, ndipo mwini wake amadzamukumbira kwina tsiku lina. Ndi manyazi aakulu pamtundu, ndipo dzenje la a Thomson linali loti likumbidwe pambali pa mayi awo, malo amene iwo anawaloza okha ali moyo.

A Cecilia anauza a Danieli kuti adikire pang'ono, n'kutsegula apu ija. Mwayi wake, kadontho ka filingi ina ya pa Chonde kanali katangobiriwira, ndi chithunzi cha thankala ikutsitsa dizilo. Mtima unakhala pansi. Sanaganize za mzere, sanaganize kuti Chonde ili mbali ina pomwe chipatala chili mbali ina. Galimoto ya maliro siima pamzere, aliyense amadziwa.

"Kumbani, a Danieli. Dizilo wapezeka," anatero.

Fulumira anadya gaga. Anasomeka nthambi zamasamba kutsogolo kwa galimoto monga amachitira onyamula maliro, n'kuwotcha timadontho totsala kulowera ku Chonde.

Mzere anaupeza patali, filingi isanayambe n'komwe kuoneka. Malole, maminibasi, mathirakitala, zonse zitandandalikana m'mbali mwa msewu, madalaivala atakhala m'mithunzi ndi maso otupa. A Cecilia anayenda pang'onopang'ono m'mphepete, anthu akuona nthambi ndi bokosi n'kumapatuka. Atatsala pang'ono kufika papampu, injini inatsokomola kawiri n'kuzima. Iwo anaseka chamumtima kuti nkhalambayi yafera pakhomo penipeni.

Chimene sanachidziwe n'choti masabata angapo m'mbuyomo, pafilingi yomweyo, anyamata ena anabwera ndi bokosi, nthambi, ndi mtsikana wolira kumbuyo. Anthu anawapatsa njira, zipewa zili m'manja. Atathira galimoto anatsegula bokosi lija, ndipo m'katimo munali zigubu. Nsomba ikaola imodzi, zonse zaola.

Amene anatsekereza njira anali Vincent, woyendetsa minibasi, mnyamata wamtali wa ndevu zosameta. Iye anali atangothira kumene atagona pamzerepo mausiku angapo, ndipo tsiku la zigubu lija analipo, anavula nawo chipewa. Anaima kutsogolo kwa pikapu n'kunena kuti bokosi litsegulidwe, anthu aone. A Cecilia anatuluka n'kufotokoza mwaulemu kuti thupi lili kumochale, iwo akupita kukalitenga, ndipo manda akukumbidwa kale ku Likhubula. Wina anafunsa kuti nanga ngati thupi lili kuboma, mayiwa akudzatani ku Chonde? Funsolo linamveka lanzeru, anthu anavomerezana nalo. A Cecilia asanayankhe, Vincent anali atakwera kale kumbuyo n'kukankha chivundikiro.

Munali nsalu yoyera yopindidwa ndi bulangete latsopano, basi.

Kuseka kumene kunabuka pamenepo kunali koipa, kwa anthu otopa amene apeza pothira mkwiyo wawo. Ena anati taonani, masiku ano ndi azimayi omwe. Ena anati zigubu wazibisa pansi pa mpando. Mtsikana wothira mafuta, poona khamulo, anapukusa mutu n'kuwauza kuti akayambire kumbuyo. Amuna anagwira pikapu ija n'kuikankhira kumbali, pafupi ndi ngalande.

A Cecilia ali chiimire, foni inanjenjemera m'manja. Anayang'ana, n'kuona galimoto yawo yomwe pa apu, chitseko chabuluu, nthambi, bokosi lotsegula, ndi nkhope yawo pakona. Pansi pake Vincent anali atalemba kuti anthu achenjere ndi mayi uyu, m'bokosi mulibe munthu. Mawu a ena anayamba kutsika ngati mvula, ochokera ku Luchenza, ku Chitakale, mpaka ku Muloza. Ena mwa olembawo anali anthu amene anathirapo mafuta chifukwa cha uthenga wa a Cecilia. Zinawapweteka kwambiri, kuposa kuseka kuja, chifukwa tsopano panalibe filingi m'boma lonse imene ikanawamvera chisoni.

Zonsezi zinadya nthawi, dzuwa linali litapendeka. Anaimbira a Rosie, mwina adzukulu sanafike patali. A Rosie anayankha ndi mawu osasa kuti dzenje latha kale, abusa afika, abale ena akudikira kumochale chiyambire m'mawa, ndipo a Danieli atuma kale munthu kukayang'ana nthochi yoti adule.

"Alamu, muli pati kodi?" anafunsa a Rosie.

"Ndikubwera nawo, alamu. Auzeni asadule."

Anadula foni asakudziwa kuti abwera nawo bwanji. Magalimoto onse a m'derali anali pamzere pomwepo, opanda kanthu m'mathanki. Anakodola wakabaza wina kuti amange bokosi panjinga, koma iye anayang'ana khamu lija n'kutembenuza nkhope. Kunena zoona, mayi wina akanakhala pansi n'kulira, ndipo palibe akanamunena. A Cecilia misozi inakana. Chimene chinabwera ndi mkwiyo, woyamba wokwiyira iwo eni. Anati "kumbani" ndi pakamwa pawo. Ngati nthochi igone pambali pa mayi awo m'malo mwa a Thomson, mlandu sudzakhala wa Vincent kapena wa foni.

Anamasula chitenje chapamwamba, anachikutumula, n'kuyamba kuchipota. Manja ankadziwa okha: kupinda m'litali, kupotokola, kuzunguliza, nsonga kuilowetsa pansi. Anaika nkhatayo pamutu. Anabwezera chivundikiro, anamanga bokosi ndi chingwe, analikokera kumapeto kwa galimoto, n'kunjuta pansi pake. Linagwedezeka kamodzi, kenako linakhazikika. Anadzuka nalo pang'onopang'ono, dzanja limodzi likugwira m'mphepete, ndipo ndi dzanja linalo anatulutsa makiyi n'kuwaponya pamapazi a Vincent.

"Galimoto ndi imeneyo, achimwene. Ngati ndinadzera dizilo, thirani mugulitse. Ine ndikukatenga mlongo wanga."

Anatuluka pafilingi n'kulowa mumsewu wa kuboma. Ulendowo ndi wautali, woti munthu wopanda katundu amafika miyendo ikunjenjemera, ndipo iwo ankadziwa. Maganizo awo anali oti akafike kumochale, akamugoneke m'bale wawo m'bokosi lake, zinazo zikaoneka komweko. Ngati n'kusenza, anzake a a Thomson ndi anthu osenza.

Tsono mzere uja unali utatambalala mbali yomweyo, motero anayenera kudutsa galimoto iliyonse, imodziimodzi. Kuseka kunayamba kuchepa. Wakuba dizilo sasiya galimoto, zimenezo ngakhale chitsiru chimadziwa. Amene anakhala pamabampala anaimirira. Wanjinga wina anatsika n'kuyamba kuikankha. Amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu anayang'anana, mmodzi anavundikira beseni lake, n'kutsatira pambuyo akung'ung'udza nyimbo ya maliro, anzake n'kulandira. A Cecilia sanacheuke. Thukuta linkalowa m'maso, m'mphepete mwa bokosi munkawadula zala, koma khosi linali zii.

Chinthu china muchidziwe: kuno mkazi sanyamula bokosi la maliro. Amalira, amaphika, amatunga madzi, amasambitsa mnzake womwalira, koma bokosi ndi la mapewa a amuna. Kuona mayi atalisenza pamutu, yekha, pakati pa msewu, amuna odzaza mzere wonse ali manja m'thumba, chinali chinthu chimene palibe anachionapo chibadwire. Mkulu wina woyendetsa lole ya tiyi, wa imvi mutu wonse, anatsika pagalimoto yake chipewa chili m'manja.

"Kodi amuna tonsefe tafa?" anafunsa, osakweza mawu.

Anthu anathamanga. Woyamba kufika anali Vincent, makiyi aja ali m'manja, akupuma mwawefuwefu. Anatambasula manja kuti alandire, koma a Cecilia sanaime.

"Mukulandira chiyani? Mulibe munthu umu."

Vincent anawadutsa, anakaima kutsogolo kwawo, n'kugwada pa tala wotenthayo.

"Ndalakwa, amayi. Tulani, tinyamule ife."

A Cecilia anamuyang'ana. Mtima unkafuna kumulambalala, koma dzuwa silinali kudikira mkwiyo wa munthu. Anapinda mawondo, ndipo manja ambiri analandira bokosi lija. Analibweza pamapewa, mwaulemu, ngati kuti mwini wake ali kale m'katimo.

Mukuganiza kuti zathera pamenepa? Atafika papampu, amuna akukankha pikapu kuti ithiridwe, mtsikana wothira mafuta uja anakanikiza chothirira, chinangotulutsa mphepo. Dizilo anali atatha. Pamafoni kadontho kaja kanafiira anthu akuona.

Vincent anapita kuminibasi yake, anasolola kapayipi pansi pa mpando, anabwereka chigubu, n'kulowetsa payipiyo m'thanki yake, dizilo yemwe anamugonera panja uja. Anayamwa mpaka anamudzaza m'kamwa, analavula, maso ali psu, ndipo mafuta anayamba kutsika. Wa thirakitala amene anathira pambuyo pake anabweretsa wake, wa lole ya mchenga nayenso. A Cecilia ataona kuti wakwana wokafika ku Likhubula n'kubwerera, anati basi, otsalawo akadyetse ana awo. Vincent anawaonetsa foni kuti aone zimene walemba tsopano pa apu, kuti chithunzi chija wachichotsa ndipo wapepesa pamaso pa onse. Iwo sanayang'ane, anali akupopa kale dizilo kuti akwere mu injini.

Nkhalamba ija inatsokomola, inatsokomolanso, n'kudzuka. Tsiku limenelo inathamanga ngati yaiwala zaka zake. Kumochale abale anali atakonza kale zonse, ndipo anamugoneka m'bale wawo pabulangete lija, n'kukwera kumbuyo momuzungulira. Podutsa pa Chitakale, madalaivala a pamzere wa kumeneko anaona chitseko chabuluu n'kuimirira. Nkhani inali itawafika kale pamafoni. Pokhota kulowera ku Likhubula, dzuwa linali litafiiritsa thanthwe la Chambe, ndipo a Cecilia ankaliyang'ana mwakabisira ngati munthu amene akupikisana naye.

Pamene msewu umathera panali mapotala anzake a a Thomson, akuluakulu ndi achinyamata, atavala nsapato zawo za kuphiri. Sanalole wina aliyense kugwira. Anamunyamula mnzawo pamapewa n'kukwera naye kanjira ka kumanda ndi liwiro lawo la pantchito, moti abusa ndi akwaya anachita kuthamangira pambuyo. Mapemphero anafupikitsidwa. M'mphepete mwa manda munali thunthu la nthochi, lodulidwa kale, utomoni ukudontha. A Danieli ataona bokosi likutulukira m'mitengo, analikankha thunthulo ndi phazi, linagubuduka n'kukagwera m'tchire.

Bokosi litatsitsidwa pambali pa mayi awo, kuwala kudakalipo, a Rosie anasendera pafupi ndi a Cecilia n'kuwagwira pamutu.

"Alamu, mwayenda nayo chonchi njira yonse?"

A Cecilia anakweza dzanja. Nkhata ija inali idakali pamutu, yophwatalala, yonyowa ndi thukuta. Anayendetsa nayo galimoto, analowa nayo kumochale, ndipo palibe analimba mtima kuwauza. Anaichotsa, anaiyang'ana, n'kupempha a Danieli kuti aiike pamwamba pa bokosi dothi lisanathiridwe.

A Danieli, amene paunyamata wawo anasenzapo matabwa limodzi ndi malemuwo, anaitembenuza m'manja, anaona mmene nsonga inalowera pansi, n'kugwedeza mutu.

"Kapotedwe aka n'ka Thomson," anatero, n'kuipereka kwa mdzukulu amene anali m'dzenje.

Apo m'pamene a Cecilia anakhala pansi padothi lofiiralo n'kuyamba kulira mlongo wawo.